Dzino Limene Ndinachoka Nalo Kwathu

Yorkton, 17 Okutobala 2021

Herlinda, nkhalamba yanga,

Moni wochokera kutali. Ine ndili bwino, kupatula milomo imene yang'ambika ndi mphepo ya kuno. Kaya iwe, kaya amayi ako ndi mawondo awo aja, kaya Itzel wathu ndi sukulu yake ya unamwino? Ndalemba pa pepala chifukwa cha mawu ako aja, oti pa foni ndimalankhula ngati wolengeza zanyengo pa wailesi. Unanena zoona. Ndikangoona nkhope yako pa kagalasi kaja, mlongo wako Fortino akusuzumira kumbuyo, zonse zimene ndinakonza zimathawa, ndimangotsala ndi nkhani ya kuzizira.

Ntchito ndayamba. Mwini chipatala cha manochi ndi mayi, Dokotala Sawchuk, wamtali, wosachulutsa mawu. Wowathandiza ndi Marivic, mayi wa ku Philippines amene amalankhula mokwanira anthu awiri, ndipo wayamba kale kunditchula achimwene. Ine andipatsa kachipinda kapansi. Mulibe pulasitala, mulibe phula, mulibe fumbi loti ungandikalipire nalo pa malaya. Muli kompyuta ndi makina osema mano basi. Kumwamba amalowetsa kakamera konga ndodo m'kamwa mwa wodwala, mphindi zitatu, mano onse atulukira pa kompyuta yanga pansi pano. Ndi kachinthu komwe kaja kanandilanda ntchito kwathu ku Jerez, madokotala atayamba kutumiza zithunzi ku mzinda waukulu wa Guadalajara m'malo mondibweretsera zidindo za mano. Lero ndikukagwirira ntchito. Seka, ndakulola.

Tsiku loyamba anandikhazika pa mpando ineyo. Akuti aliyense watsopano amayamba wajambulidwa, kuti adziwe zimene wodwala amamva. Zaka makumi atatu ndikupanga mano a anthu, m'kamwa mwanga ndinali ndisanaonemo bwinobwino, ndiye apo ndinaona mukuzungulira pa kompyuta, mutakula ngati beseni. Adokotala analoza pamene mano otafunira aphwatalala n'kundifunsa ngati ndimakukuta mano kutulo. Ndinati funso limenelo ndi la mkazi wanga, ine ndimakhala ndili m'tulo. Ndinawauza za chigongono chako, kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chakhala chikundipeza m'nthiti, ine n'kutembenuka, n'kusiya. Marivic anaseka mpaka anaika kakamera pansi. Chithunzicho akuti achisunga, tidzajambulanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Sindinawauze zimene unanena pa depoti ya basi. Unati, "Pita, bola ndigonako tulo." Ndikudziwa unali ndi mkwiyo chifukwa ndinasaina mapepala a zaka ziwiri ndisanakufunse mokwanira, ndipo mwina inali nthabwala chabe. Koma mawuwo ndabwera nawo kuno.

Matumba awiri a pulasitala ali m'shopu yanga uwakweze pa thabwa, asakhudze simenti, akakoka chinyezi ndiye atha ntchito. Kamota kanga kopalira mano Fortino asakabwereke, adzanolera mipeni. Mtengo wa pichesi usaudulire, ndidzaudulira ndekha ndikabwera.

Ndine mwamuna wako,
Anselmo

Yorkton, 19 Disembala 2021

Herlinda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu, pamodzi ndi amayi ndi mwana. Ine chimfine chinandigwira sabata imodzi, chapita. Kalata yako ndinalandira, mizere isanu ndi iwiri. Inayi ya denga lodontha, iwiri ya ukwati wa mwana wa a Refugio, umodzi wakuti ukugona bwino masiku ano. Ndasangalala kuti ukugona. Za dengalo uitane Chuy wa malata, osati Fortino.

Kuno dzuwa limatuluka ndili kale pansi, limalowa ndisanakwere. Pa tsiku ndimalandira anthu khumi kapena kuposa, koma onse amabwera opanda nkhope, mano ndi nkhama basi. Kwathu dokotala ankabwera ndi chidindo chokulunga m'kansalu konyowa, nthawi zina wodwala mwini n'kubwera kudzasankha mtundu wa dzino, tikumwa khofi, iye n'kumandiuza za apongozi ake. Kuno chithunzi chimangofika, kompyuta n'kulira kamodzi. Ndimachitembenuza, ndimajambula chipewa choveka dzinolo, makina n'kusema. Ntchito yake ndi yaukhondo ndipo siphonya, ndisaname. Mzere umene chipewa chimakumana ndi dzino ndimaukuza mpaka kuoneka ngati msewu, maso anga okalambawa akupuma. Koma tsiku limatha pakamwa panga ndisanatsegule.

Ndikuuze zochititsa manyazi. Loweruka ndinapita kusitolo kukagula mandimu, limodzi dola yathunthu, tangoganiza. Mayi wa pa kauntala atamwetulira ndinazindikira dzino lake lakutsogolo. Ndi langa, ndinalipanga mu Novembala, ndinavutika nalo masiku awiri kuti kabanga koyera kafanane ndi ka linzake. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wakwathu. Ndinati, "Mukupeza bwanji mayi, silikukuvutani poluma apozi?" Mayiyo anatseka pakamwa ndi dzanja n'kuyamba kuyang'ana kumene kuli mlonda. Ndinatola mandimu anga n'kutuluka. Theka la tauni ino ndikulidziwa mkati, ndikudziwa amene amatafunira mbali imodzi, amene amadula ulusi ndi mano, amene amanamiza adokotala kuti anasiya fodya, koma palibe amene angandipatse moni pa msewu.

Marivic atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti ndizivala chikwangwani pakhosi ndikamapita kogula zinthu.

Ndikukhala m'nyumba ya a Dmytro, mkulu wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu, wogontha makutu onse. Timapatsana moni ndi manja. Pa Khirisimasi adokotala andiitana kwawo, akuti kukakhala maperogi, timikate tawo tija toika mbatata mkati. Ndipita, ngakhale mtima uli pa matamale ako aja a chimanga okulunga m'makoko. Ndatumiza kangachepe kubanki, ugule nsapato za Itzel zovala kuchipatala ndi mankhwala a mawondo. M'mawa ndikumadzuka mutu ukuwawa pang'ono m'mbalimu, koma ndikuganiza ndi moto wa m'nyumba za kuno.

Wako,
Anselmo

Yorkton, 24 Epulo 2022

Herlinda wanga,

Moni. Amayi adzuka bwanji? Itzel akuti dzanja lamanja layamba kugwira supuni, koma mwendo ukukanabe. Kuyambira pamene sitiroko inawagwetsa mu Febuluwale sindinalembe, tinkangolankhula pa foni za mankhwala, ndipo ndinaona kuti pepala lingokuchulutsira ntchito. Ine ndili bwino. Chipale chofewa chasungunuka, matope ali ponseponse.

Miyezi isanu ndi umodzi yakwana, ndiye Lachitatu anandijambulanso. Makinawa ali ndi nzeru ina. Amatenga chithunzi chakale n'kuchisanjika pa chatsopano, pamene sipanasinthe pamaoneka pobiriwira, pamene dzino ladyeka pamafiira. Anga otafunira onse anafiira pamwamba, makamaka lapansi la kumanja. Marivic anati, "Achimwene, kwa a Dmytro akukuphikirani miyala kodi?" Adokotala sanaseke. Anati m'miyezi isanu ndi umodzi ndamaliza zimene munthu amamaliza zaka zisanu, ndipo anafunsa ngati pali wina amene amandimva ndikagona. Ndinati mwininyumba sangamve ngakhale denga litagwa. Anangoti, "Ndiye palibe wokudzutsani." Ndinati palibe.

Alamula kuti ndiziluma kapulasitiki pogona. Ndinakajambula ndekha pa kompyuta, makina n'kukatulutsa. Kamakwana bwino, kamanunkha ngati chidole chatsopano, koma sikadziwa kugunda munthu m'nthiti.

Tsopano nkhani ina. Itzel anandiuza, osati mwadala, kuti bedi lathu lalikulu mwalimasula, lili kwa Fortino, ndipo m'chipinda mwathu mwaikamo timabedi tiwiri, kako ndi ka amayi. Ndikumvetsa. Munthu wodwala chonchi sangagone yekha, ndipo ukanandifunsa ndikanavomera. Chimene chandiwawa n'chakuti ndamvera kwa mwana, patatha miyezi iwiri. Bedi limenelo tinaligula tisanagule mbale. Akutinso shopu yanga mwaisesa, ukuphikiramo magordita, timikate ta chimanga tija, ogulitsa kwa ana a sekondale akamaweruka. Sindikuletsa, matenda amadya zambiri ndipo zanga sizikukwanira. Ndingopempha kuti zida zanga zikhale m'bokosi limodzi, ndipo mashelefu asachotsedwe, kuti ndikabwera ndidzapeze zinthu pamalo pake.

Pichesi wachita maluwa? Unditumizire chithunzi cha mtengo wonse, osati nthambi imodzi.

Mwamuna wako,
Anselmo

Yorkton, 7 Ogasiti 2022

Herlinda,

Moni, ndi moni kwa amayi. Ine ndilipo.

Za pa foni sabata yatha, ndinalakwa kukweza mawu. Koma nawenso. Ndinangofunsa chifukwa chake mashelefu anachotsedwa, iwe n'kuti, "Unachoka ndiwe, nyumba sinaime kudikira." Kenako foni inaduka, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati inali netiweki. Pichesi ndaona pa chithunzi cha Itzel kuti anadulidwa nthambi zonse za kumpanda, kuti ogula ako apeze pokhala. Sindinena kanthu.

Chimene ndinkafuna kukuuza tsiku limenelo, tisanayambe kukangana, ndi ichi. Adokotala anatsikira pansi pano, zimene sachita kawirikawiri, n'kukhala pa katoni. Akuti zaka zanga ziwiri zikatha chaka chamawa akufuna ndikhalebe, ndipo andithandiza kupeza mapepala okhazikika. Mapepala amenewo amalola mkazi kubwera. Akuti zipewa zanga zimalowa osafuna kupala, ndipo munthu wotere satoledwa pa msewu. Ndinakondwa, ndisabise, papita nthawi munthu asanandiyamikire.

Ndayendera kale nyumba ina ya zipinda ziwiri pafupi ndi tchalitchi. Ili ndi zenera loyang'ana kum'mawa monga umakondera. Amayi angakhale ndi Fortino ndi mkazi wake, nayenso ndi mwana wawo, asamangodziwa kubwereka zinthu. Itzel amaliza chaka chino. Ndaganiza zonse, iwe ungoti inde. Ndalowanso kawiri m'sitolo ya mipando kukayang'ana bedi lalikulu, wogulitsa wayamba kundizindikira.

Kapulasitiki kaja ndakaboola. Marivic anakakweza m'mwamba kuonetsa adokotala, kuwala kukudutsa pa bowo, n'kunena kuti zaka khumi ali pa ntchito sanaonepo munthu wotafuna chinthu chotere miyezi inayi. Tapanga kena kokhuthala. Nyengo ino dzuwa likuchedwa kulowa, ndiye ndikaweruka ndimayenda mpaka kumapeto kwa tauni, kumene minda ya maluwa achikasu imayambira, ndimaima, n'kubwerera. Anthu amandikwezera dzanja ali m'galimoto. Poyamba ndinkati andidziwa, koma amatero kwa aliyense.

Undiyankhe pa pepala, pa foni tidzangoyambanso.

Anselmo

Yorkton, 15 Januwale 2023

Herlinda,

Chaka chabwino, ngakhale mochedwa. Ndamva kuti amayi akuyenda ndi ndodo mpaka pakhomo, Mulungu ngwabwino. Za Itzel kupambana mayeso ndinauza aliyense, mpaka a Dmytro ndinawalembera pa pepala. Ine thanzi lilipo, kupatula kanthu kamodzi kamene ndifotokoze.

Yankho lako linafika mu Seputembala, ndipo ndakhala nalo miyezi inayi osadziwa poyambira. Unati subwera. Unati amayi ako si katundu wokasungitsa kwa Fortino, iwenso si katundu wotumiza pa ndege, ndipo aka n'kachiwiri kukonza moyo wako wonse ndisanakufunse. Ndinakwiya. Ndinauza adokotala kuti mapepala ayambe, m'mawa mwake ndinawauza adikire, ndipo mpaka lero akudikira. Andipatsa mpaka Juni.

Kanthu kaja ndi aka. Sabata ya Khirisimasi ndinadzuka ndi kachidutswa kolimba pa lilime. Ndinali nditaiwala kuluma kapulasitiki, kapena sindinafune, sindikukumbuka. Dzino lapansi la kumanja lija, lofiira kwambiri pa kompyuta, lathyoka ngodya yonse. Ndinabisa milungu iwiri, ndikutafunira kumanzere, mpaka Marivic anandigwira pa nkhomaliro. Anati wopanga mano kubisa dzino lothyoka m'chipatala cha mano, nkhani imeneyi akaiuza ndani akakhulupirire. Adokotala alipala, alijambula, aikapo chipewa chongoyembekezera. Chenichenicho ndipanga ndekha.

Ndiye tamvera. Chithunzi changa choyamba chija, cha tsiku limene ndinayamba ntchito, chikadali m'makina. Dzinolo lilimo lathunthu, ndi timapiri take ndi tizigwa take, monga linalili pamene linkatafuna chakudya chako. Ndikhoza kulikopa ndendende n'kulisema. Ndinakhala ndikulitembenuza pa kompyuta mpaka khofi anazizira. Adokotala akuti ndisatero, nditsate chithunzi cha lero, chifukwa mano ena onse asintha. Ndinawayankha mwaulemu kuti pamene ndinkayamba ntchitoyi iwo anali ku pulayimale. Anangoti, "Ndi pakamwa panu, a Quiroz." Kompyuta nayo inafiira kundichenjeza, ndinatseka chenjezolo. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha chibwerere monga chinalili. Kodi ndachulutsa?

Kuzizira kwafika makumi atatu kunsi kwa ziro. Paketi ya tsabola wouma inafika, zikomo, ngakhale munalibe kalata. Ndinaikutumula kawiri.

Anselmo

Yorkton, 5 Febuluwale 2023

Herlinda, mkazi wanga,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwinoko tsopano, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Chipewa chija sichinakwane. Ndinachisema bwino, ndinachipaka mtundu, ndinachiwotcha, chinali chokongola kuposa chilichonse chimene ndapanga kuno. Pa chitsa cha dzino chinakhala bwinobwino, m'mphepete osasiya mpata. Koma adokotala atati ndilume, pakamwa panakana kutsekeka. Dzino limodzilo linagunda lapamwamba, ena onse ali m'malere osakhudzana. Linali lalitali. Si kuti linakula ayi, ndi anzake amene anafupika m'miyezi khumi ndi isanu imeneyi. Cholakwa chotere sindinachitepo ngakhale chaka changa choyamba pa ntchito.

Ndinagona pa mpandopo kukamwa kuli yasa, misozi n'kuyamba kutsikira m'makutu. Ndinati ndi nyali. Marivic, amene sasowa chonena, anangotembenuza nyaliyo n'kundipatsa kansalu. Adokotala anati tikhoza kuchitaya tipange china kuchokera pa chithunzi chatsopano, ndi ntchito ya ola limodzi basi. Ndinapempha kuti tisataye, tichipale. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukudziwa kuti timapiri tanu tokongolato tipita." Ndinati ndikudziwa.

Ntchito yake ukuidziwa, unkandiona ndikuchita. Amaika kapepala kabuluu pakati pa mano, umaluma, pamene pagunda pamatsala kadontho, amapala pamenepo pokha. Kulumanso, kupalanso. Tinachita kakhumi ndi kanayi, Marivic ankawerenga. Pomaliza mano onse anakumana, nsagwada n'kupuma. Chipewacho chatsala chophwatalala ngati anzake, sichikufanananso ndi dzino limene ndinachoka nalo kwathu, koma ndikutafunira.

Herlinda, ndachita manyazi. Chaka chonse ndakhala ndikukufunsa za mashelefu, za pichesi, za bedi. Ndawakumbukira makalata anga onse, palibe pamene ndinafunsa kuti msana wako uli bwanji ponyamula amayi kupita nawo kubafa, kapena kuti umadzuka nthawi yanji kukanda ufa. Ndinasunga m'mutu nyumba ya tsiku limene ndinakwera basi, ndipo ndimafuna kudzalowa m'menemo. Ndikuopa kuti ndikabwera ndidzakhala ngati chipewa chija, ndipo ndikuopa kwambiri kuti sudzafuna kuvutika n'kupala. Ndakusowa. Mawu amenewa pa foni amandikanika.

Sindikukupempha yankho la mapepala. Ndikupempha undilembere nyumba monga ilili lero, chipinda ndi chipinda, ndani amagona pati, n'chiyani chili pamene panali mashelefu, tsiku lako limayenda bwanji kuyambira m'mawa. Usasiye zimene zingandipweteke. Kakamera kaja kakadumpha malo, pa kompyuta pamatsala bowo, ndipo makina amadzazapo zongoganiza. Ine ndadzaza zongoganiza zambiri.

Ndine wako,
Anselmo

Yorkton, 27 Ogasiti 2023

Herlinda, nkhalamba yanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa anamwino athu a Itzel. Ine ndili bwino. Anandijambula komaliza Lachisanu, kufiira kulipobe koma kwachepa. Pa foni ndinakuuza kale mwachidule kuti ndikubwera, koma zina zimafuna pepala.

Masamba asanu ndi limodzi amene unalemba mu Epulo ndawawerenga mpaka apindika m'makona. Ndikudziwa tsopano kuti umadzuka folo koloko, kuti pamene panali mashelefu pali chitofu cha gasi, kuti Yolanda wa kuseri amakuthandiza Lachisanu, kuti bedi lalikulu silibwerera chifukwa mkazi wa Fortino wabereka mapasa ndipo akugonapo anayi. Ndikudziwanso kuti unandikwiyira chaka chathunthu ndipo mkwiyo wina ukadalipo. Unati, "Bwera ngati ukufuna, koma usabwere kudzafunafuna nyumba imene unaisiya." Ndamva. Sunalonjeze kanthu, ndipo sindikukukakamiza.

Koma tsamba lachisanu lija. Ukuti unkanama, tulo sunagone bwino kuyambira sabata yoyamba, kuti zii kwa chipinda ndi kumene kumakudzutsa. Ndipo ukuti amayi akudandaula kuti zaka zonsezi ankamva mkamwini kudzera pakhoma, mkamwini wachoka, tsopano ndi mwana wawo amene akukukuta mano, iwo n'kumamenya ndodo pa mwendo wa bedi kuti asiye. Ndinaseka ndekha m'kachipinda kanga mpaka Marivic anatsika kudzaona, ndipo pamene ankafika kuseka kunali kutasanduka zina. Mutu wa m'mawa umene ukuutchulawo ndikuudziwa bwino. Usamwenso mapiritsi a Fortino, si mutu wa dzuwa umenewo.

Adokotala ndinawauza mu Meyi kuti mapepala asiye. Sanakondwe, koma anandigwira chanza. Akuti ndikapeza kompyuta yabwino ku Jerez, zithunzi zina azinditumizira konko, popeza chithunzi sichifuna chitupa chodutsira malire. Ndinati ndikakambirane kaye ndi mkazi wanga, ndipo Marivic anaomba m'manja ngati ndapambana mayeso. Iye wandipatsa paketi ya timapepala tabuluu, akuti ndikatifuna kunyumba. A Dmytro sakudziwabe, ndikulephera kuwalembera pepala lake.

Ndinyamuka pa 25 Seputembala, ndege itera ku Zacatecas Lachiwiri masana. Usatseke malonda chifukwa cha ine, ndikwera basi ya ku Jerez, njira ndikuikumbuka.

Ku Jerez kakamera ndilibe, ndiye kapulasitiki kako ndidzakapanga mwakale, ndi chidindo ndi pulasitala. Itzel akuti matumba awiri aja akadali pa thabwa kuseri kwa chitofu, ouma, unawakulunga bwinobwino. Zonse unachotsa, amenewo sunataye. Sindikufunsa chifukwa. Udzakhala pa mpando wa kukhitchini, udzayasamula, ndidzaona ndi maso anga zimene zaka ziwirizi zadya.

Za pogona, wati kabedi kako kakhoza kupita m'kachipinda kosungiramo ufa, chitseko chosatseka kuti uzimva amayi akaitana, ndipo wati n'kopapatiza, ka munthu mmodzi ndi theka. Tikayesa. Ine ndaonda, ndipo chigongono chako sichidzayenda mtunda wautali. Ukayamba ndiwe, ndidzakugunda pang'ono. Mphamvu yake sindinaiphunzire, udzandiuza ngati ndapyola.

Ndine mwamuna wako,
Anselmo